Gemu ikafa ku kampani: tikakamire yakaleyo, tithamangire yatsopano, kapena titenge malamulo aulere?

Funso ili landitopetsa pa gulu lathu la WhatsApp nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense azidzawerenga yekha. Chionereni magemu athu ankhondo osewera ndi tizidole ta asilikali patebulo paja, mafana a ku Luchenza ndi ku Bvumbwe akungofunsa chimodzimodzi, amwene ndiyambe ndi gemu iti, tamva kuti Mordheim mumaseweraija kampani inasiya kalekale kupanga, si kutaya ndalama kumeneko? Za kaponyedwe ka madayisi, tepi yoyezera mainchesi ndi kupenta munaziona kale, sindibwereza. Ine ndikamba zoti ndalama yako imathera kuti gemu ikafa, chifukwa magemu amenewa amafa ndithu ndipo amaapha ndi eni ake omwe.

Kwa amene simunatsate nkhaniyi: Games Workshop ya ku Nottingham inali ndi timagemu ting'onoting'ono tomwe inkatitcha Specialist Games, monga Mordheim, Necromunda, Battlefleet Gothic, Epic, Warmaster ndi Blood Bowl. Mu 2013 inasiya kugulitsa tizidole take, basi zii. Kenako mu 2015 inachita zazikulu, Warhammer Fantasy yomwe anthu ankasewera kuyambira 1983 anaithetsa, dziko lonse la mu nkhaniyo analiphwasula mu zija ankazitcha End Times nkubweretsa Age of Sigmar ya malamulo a masamba 4, yopanda mapointi olinganizira magulu, mabesi (timapulasitiki toimikapo tizidole) ozungulira m'malo mwa amakona anayi aja. Anthu anapsa mtima zoopsa, wina mpaka anatentha gulu lake lonse la ma Dark Elf nkujambula nkuika pa YouTube, ine nditaiona vidiyoyo mtima unawawa osati chifukwa cha gemuyo koma kuti akulu amenewo bwanji sanangolongeza mu katoni nkutitumizira kuno. Ndipo musaganize kuti kuthawira ku kampani ina nde mwapulumuka. Steamforged inathetsa Guild Ball mu 2020, Atomic Mass Games inalengeza mu 2024 kuti yasiya kupanga zatsopano za X-Wing ndi Armada. Paliponse osewera anagawikana patatu, ena kutsata kampani komwe ikupita, ena kukakamira gemu yakufayo, ena kunyamula tizidole tawo kukasewerera malamulo a anthu ena. Njira zathu nafenso ndi zomwezo.

Yoyamba, kutsata kampani. Zabwino zake sindikana, tizidole tapulasitiki ta masiku ano ntokongola kuposa takale, mashopu a ku Joni ndi Cape Town amakhala nato, mavidiyo ophunzitsa ali mbwee. Koma taonani kalendala. Warhammer 40,000 inatulutsa edishoni yatsopano mu 2017, ina 2020, ina 2023. Age of Sigmar 2015, 2018, 2021, 2024. Zaka zitatu zilizonse mabuku amalamulo atha ntchito, ugulenso. Munthu wa ku Manchester sadandaula kwambiri, amalowa mu shopu Loweruka nkutuluka ndi gulu lonse. Ife kuno bokosi limodzi timadikira mbale wathu abwere pa Khisimisi, khadi yakubanki imakana kulipira kunja, kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zonse nkukwera pamaso pathu, nde pofika pomaliza kusonkhanitsa ndi kupenta gulu la tiasilikali makumi angapo edishoni yasintha kale. Mwinanso gululo alichotsa, ngati mmene analengezera mu Epulo 2024 kuti Beasts of Chaos ndi Bonesplitterz akuchoka mu Age of Sigmar. Amakupatsa timalamulo totchedwa Legends kuti uzisewerabe pakhomo koma ku mpikisano waukulu ayi. Ndiye funso langa ndi lakuti, mpikisano wake uti umene ife tikukonzekera ku Thyolo kuno? Ukulipira kuti ukhale pa edishoni imodzi ndi anthu omwe sudzasewera nawo.

Ena amati dikirani, kampani imabweza zomwe inachotsa. Zoona, Blood Bowl inabwerera 2016, Necromunda 2017, Warhammer Fantasy inabwerera mu Januwale 2024 ndi dzina loti The Old World. Koma inabwera yasintha mabesi, asilikali apansi omwe anali pa 20mm akufunika 25mm, anthu omwe anasunga magulu awo zaka zonsezo anayamba kumatula tizidole kamodzikamodzi. Mordheim ndi Battlefleet Gothic nde mpaka lero kulibe.

Tsopano gemu yakufa, ndipo ndinene poyera kuti ine mtima wanga uli kuno, wina asadzati ndinabisa. Mordheim inatuluka mu 1999, anailemba Tuomas Pirinen, nkhani yake ndi mzinda womwe unagwedwa ndi nyenyezi ya michira iwiri, timagulu ta anthu olusa tikulimbirana timiyala totchedwa wyrdstone m'mabwinja. Umayamba ndi ndalama za mu gemu 500, gulu la anthu wamba silipitirira 15, ambiri timayamba ndi ochepera pamenepo. Tebulo la mafiti 4 mbali zonse lakwana. Chokoma chake nchakuti gemu ya lero imakhudza ya sabata yamawa, mtsogoleri wako akavulala mwendo azitsimphina mpaka kalekale, wina amachoka diso, wina amagwidwa nkugulitsidwa, nde pamakhala mangawa enieni pakati pa anthu. Pagulu pathu pali m'dala wina wa ku esiteti amene kaputeni wake anagwa kuchoka pa denga akufuna kudumphira mnzake, mpaka pano anthu akamuona amangoti bwana samalani masitepe.

Ubwino waukulu kwa ife ndi woti malamulo ake sasunthanso. Osewera okha ndi amene akusunga, anasonkhanitsa zonse pa intaneti, ukapanga dawunilodi kamodzi nkukapulintitsa pa Boma kapena ku Limbe watha, pepala lomwelo lidzagwira ntchito mwana wako akadzakula. Zili ngati bawo, palibe ofesi yomwe ingadzuke mmawa nkulengeza kuti kuyambira lero bawo yatha gulani thabwa latsopano. Ndipo umboni woti osewera amatha kusunga gemu ulipo, Blood Bowl zaka zonse zomwe kampani inali chete bungwe la osewera la NAF linkachititsabe mipikisano, World Cup yawo inachitika ku Nottingham 2007, Amsterdam 2011, Lucca 2015, gemu yomwe pa nthawiyo mu shopu munalibe. Osewera a X-Wing nawonso atenga udindo okha chimodzimodzi.

Koma pali dzenje, ndipo apa nde ndikhalitsa chifukwa zinandiwawa. Gemu ikangolengezedwa kuti yatha, tizidole take takale timakwera mtengo nthawi yomweyo, ena amagula kungosunga, ena kuti adzagulitse mokwera, kenako pamabwera anthu okopera amene amatenga kadole koyambirira nkupanga chikombole nkumathira resin, pulasitiki yamadzi yomwe imauma nkulimba. Ine ndinapeza munthu wina pa tsamba logulitsirana za kaunjika, zithunzi zake zooneka bwino, tizidole tachitsulo ta gulu lomwe ndinkalifuna, analemba kuti ntoyambirira tosapenta. Mtengo wokwera koma ndinati kamodzi nkamodzi. Anatumiza kwa munthu wathu ku Joni, kuchoka uko nkupereka kwa wonyamula katundu wobwera kuno, tinagwirizana mtengo pa foni bwinobwino potengera kulemera kwake. Katundu atafika ku Limbe wonyamulayo anasintha nyimbo, akuti kaphukusi kakang'ono kali ndi mtengo wake wapadera, akutinso panali za paboda zomwe analipira, risiti palibe, akutinso masiku omwe kakhala pa depoti pawo ndilipire pomwe iwo sanandiimbire kuti kafika. Kuwerengera zonse, kunyamula kokha kunaposa mtengo wa tizidoleto. Ukakana katundu sakupatsa, nde utani.

Ndinatsegulira mu minibasi momwemo chifukwa cha chidwi, tisanafike nkomwe pa Bvumbwe. Kungonyamula kathumbako ndinadziwa kuti zavuta, kopepuka ngati muli mbuliwuli. Chitsulo chimazizira m'manja ndipo chimalemera, izi zinali resin yotuwa yopoperedwa penti yasiliva pamwamba kuti pa chithunzi izioneka ngati chitsulo. Nkhope zofufutika, pa chipewa cha kaputeni panali timabowo ta mpweya, lupanga lopindika, nditati ndiliwongole ndi madzi otentha linangoti thyo. Wogulitsa uja nditamulembera anawerenga nkukhala chete, mawa lake akaunti kulibe. Mpaka pano ndikaona munthu walemba kuti "zosowa, zoyambirira" mutu umandiwawa.

Ndiye mvetsani kusiyana kwake, gemu yakufa ndi yotchipa, tizidole take toyambirira nde todula komanso ndi momwe muli akuba. Mordheim safunsa kuti kadole kako kanachokera kuti. Bokosi limodzi la asilikali apulasitiki akale a mikondo ndi malupanga la kampani iliyonse limatulutsa magulu awiri, mugawane ndi mnzanu mtengo. Mabwinja timapanga tokha ndi makatoni, timitengo ta machesi ndi nsungwi zong'alula, mchenga wa mabesi timatapa ku Thuchila nkusefa ndi kasefa ka tiyi. Kungoti samalani nyengo ya chiperoni, katoni imafewa nyumba nkupendama, nde ipakeni guluu wamatabwa wosungunula ndi madzi mbali zonse isanapentedwe, ndipo penti yopopera musayerekeze tsiku lachinyezi imatuluka mchengamchenga kadole nkuonongeka.

Yachitatu, malamulo a anthu ena omwe salabada kuti tizidole ndi ta ndani. One Page Rules ndi yomwe ndimapatsa munthu wobwera koyamba, malamulo oyambira ndi aulere, madayisi wamba a mbali 6 omwewa a ludo, mumasinthana kusuntha gulu limodzi limodzi nde palibe amene amakhala nkumayasamula kudikira mnzake amalize. Mwa magemu ake, Grimdark Future ndi ya mfuti, Age of Fantasy ya malupanga, zonse zili ndi mtundu wa timagulu tochepa. Munthu amaigwira madzulo amodzi. Vuto lake kwa ine, ndipo mwina ndi kukondera, imatha msanga mkamwa, ukasewera kangapo magulu amayamba kufanana, palibe amene amakumbukira gemu ya mwezi watha. Kings of War ya Mantic inalandira anthu ambiri othawa mu 2015 ndipo ndi yabwino, tizidole sitichotsedwa kamodzikamodzi nde ukhoza kumata tochepa pa besi yaikulu nkuoneka ngati chigulu, koma imafuna tebulo la mafiti 6 ndipo ndani ali nalo, lathu lija ndi chitseko chakale pa mabenchi awiri. The 9th Age inalembedwa ndi osewera okwiya a 2015 omwewo, yaulere, koma Chingerezi chake nchambiri ndipo anaipangira anthu a mipikisano, mafana athu awiri anaiyesa nkubwerera.

Za data, zonse zitatu nzofanana kupatula yoyamba ija yomwe imafuna uzitsata zosintha pafupipafupi. Za kupeza osewera nawo, kuno palibe kusiyana, ndife omwewa basi, gemu yomwe tagwirizana ndi yomwe ili ndi moyo.

Nde amwene amene mukuyamba, tengani One Page Rules mwezi woyamba muone ngati zikukusangalatsani musanaononge ndalama, tizidole tibwerekana. Zikakukomerani lowani mu kampeni ya Mordheim, magemu otsatizana aja, ndi bokosi limodzi lapulasitiki logawana. Amene muli ndi achimwene ku UK okutumizirani chilichonse ndipo mumakonda kupenta kuposa kusewera, gulani zatsopano za Games Workshop palibe akuletsani, tidzaziika patebulo ndi malamulo athu omwewa, kungoti mabuku ake okwera mtengo aja musavutike nawo. Ndipo ngati mwaumirirabe kuti mukufuna chitsulo chakale chenicheni, muuzeni wogulitsa ajambule kachitsulo kapansi kolowa mu besi kaja pomwe pamakhala zilembo, akande pang'ono ndi mpeni pamalo obisika, aike pa sikelo ajambulenso, ndipo wonyamula katundu akulembereni mtengo wonse pa meseji katundu asananyamuke ku Joni. Akayamba zoti mukundikayikira bwana, tsekani foni.