Look Keo Classic 3 pa velodrome, ndapalasa nawo miyezi isanu tsopano

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti poyamba kupalasa pa track ya velodrome, bwalo la mipikisano ya njinga, agule mapedulo anji, nde ndati ndingolemba kamodzi basi. Ine ndimapalasa pa velodrome ya kuno ku Manchester, ija inatsegulidwa mu 1994, ya matabwa, mamita 250 kuzungulira kamodzi, m'makona mwake mopendekeka madigiri 42 moti ukaima pansi nkuyang'ana m'mwamba umangoona ngati chipupa cha nyumba eti. Njinga zake zilibe mabuleki, giya ndi imodzi yomweyo, ndipo tayala lakumbuyo likamazungulira mapedulo nawo akuzungulira ufune usafune. Zija timachita kumudzi potsetsereka, kusiya kupalasa miyendo ili lende tcheni chikungolira, kuno iwalani. Ukangosiya kupalasa njinga imakukumbutsa yokha, imakudzutsa pachishalo.

Ndinasankha Keo Classic 3, mapedulo a kampani ya Look amene amagwira nsapato kuti phazi lisachoke, osati chifukwa cha nzeru zambiri ayi. Njinga zobwereka m'mavelodrome ambiri kuno ku Britain zimakhala ndi mapedulo a Keo, nde ndinati ndikagula omwewo nsapato imodzi izigwira ntchito konsekonse, pa njinga yobwereka komanso pa yanga. Mtengo sunafike olo £50, ndipo ma cleat, tija tapulasitiki timamangidwa kunsi kwa nsapato ndi mabawuti atatu, anabwera momwemo mu bokosi.

Tsono apa nde pagona nkhani. Munthu woyamba kumene mantha ake amakhala akuti phazi likandikanirira ndigwa nayo njinga, nde amamasula sipuling'i ya pedulo, imene imagwira cleat, mpakana kumapeto kuti azichotsa phazi mosavuta. Inenso ndinatero, palibe anandituma. Pamsewu nzomveka, pali maloboti, pali magalimoto. Koma pa track ukuchotseranji phazi mwachangu? Poyamba umagwira chitsulo cha m'mbali, umalowetsa mapazi onse awiri uli chiimire kenako nkunyamuka, poima umachepetsa liwiro pang'onopang'ono ndi miyendo mpaka ukagwirenso chitsulo chomwecho. Choopsa chenicheni ndi phazi kutuluka lokha uli pa liwiro. Sabata yachitatu ndinaimirira kuti ndithamangitse, phazi lamanja linangoti fwamphu, pedulo likuzungulirabe lokha nkundimenya pa msongolo, ndinapulumuka poti ndinali munsi osati pamwamba pa kona, komanso kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Kochi anangoyang'ana pedulo lija nkundipatsa Allen key, kasipanala komangira sipuling'iyo, osayankhula kanthu kkkk. Vuto silinali pedulo, linali ine.

Kulimba kwa sipuling'i yake kumayambira pa 8 kufika pa 12. Chimangireni pa 12 sanandithawenso, olo tsiku limodzi. Amalowa ndi kaphokoso komveka bwino kakuti khatya, nde umadziwa kuti wakhazikika osachita kuyang'ana pansi, zimene zimathandiza poti dzanja lina limakhala lili pa chitsulo ndipo mtima ukugunda kale.

Za ma cleat, mitundu ija si yokongoletsa. A Look otuwa amalola chidendene kusewera madigiri 4.5, ofiira 9, akuda sasewera nkomwe. Ofiira kwa ine amasewera mopitirira, ukamapalasa mothamanga phazi limakhala ngati lili pa sopo. Akuda asiyireni akatswiri, mukangowamanga mokhota pang'ono bondo nde limalipira. Otuwa aja akukwanira. Koma chonde musamayende nawo ngati masilipasi kuchokera koimika galimoto mpaka mkati, pulasitiki imaperepeseka, ndipo cleat yakutha imatuluka olo sipuling'i mutaimanga bwanji. Ine ndimavala nsapatozo ndikafika pafupi ndi njinga basi.

Ngati muli kale ndi Shimano SPD-SL pa njinga yanu yamsewu musataye ndalama, nawonso ndi abwino kwambiri pa track, kungoti mitundu yawo ndi ina: achikasu madigiri 6, abuluu 2, ofiira 0. Mwaona pamenepo? Kufiira kwa Shimano ndi kufiira kwa Look nzosiyana kotheratu, komanso cleat ya uku siyoyenera pa pedulo la uko ngakhale zimaoneka ngati pachibale. SPD ija ya mabawuti awiri ya njinga zam'mapiri funsani kaye, malo ena sailola.

Kodi ndi opepuka? Ayi ndithu si kwenikweni, thupi lake ndi pulasitiki yolimba, mtanda wamkati ndi chitsulo. Koma track ilibe chitunda, magalamu ochepawo simuwamva. Keo Blade za kaboni zija nzokongola inde koma kuti musinthe kulimba kwake mumachita kusintha blade yonse, kachidutswa ka kaboni kamene kamagwira ntchito ya sipuling'i, woyamba kumene za chani zimenezo. Malamba aja mumaona anyamata a sprint akumanga pamwamba pa nsapato nawonso adikire kaye, iwowo amakoka ndi mphamvu zoti ife sitinafikepo.

Pomanga kumbukirani kuti pedulo lakumanzere limamangidwa mobwerera, ndipo pakani girisi pang'ono. Mnzanga wina analimbana nalo theka la ola akutukwana sipanala, kumachita kutuluka thukuta, osadziwa kuti m'malo momasula akungolimangitsa.