Ndemanga: The Mayor of Casterbridge ndi ndakatulo za Thomas Hardy

Ndinagula mabuku awiriwa pamodzi, onse achikuto chofewa: nkhani yopeka ya The Mayor of Casterbridge ndi kabuku ka ndakatulo zosankhidwa za Hardy. Ndawamaliza onse, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndawachotsera osindikiza.

Zilembo n'zazing'ono, mapepala ndi opyapyala moti mawu a kuseri amaonekera. Ukamawerenga usiku maso sachedwa kuwawa. Chinandikhumudwitsa kwambiri ndi mawu oyamba a m'buku la nkhanilo, chifukwa amene anawalemba anaululiratu mathero onse. Muwadumphe, mudzawaone mukamaliza. Koma matanthauzo a mawu omwe ali kumapeto ndi othandiza zedi, ndipo kope lopanda amenewa musagule. Anthu akumudzi m'nkhanimu amayankhula Chingerezi cha ku Dorset, kwawo kwa Hardy, ndipo mawu ena mu dikishonale wamba mulibe.

Nkhaniyi inatuluka mu 1886. Michael Henchard, mnyamata waganyu womanga mitolo ya udzu wa ziweto, analedzera pamsika n'kugulitsa mkazi wake Susan ndi mwana kwa munthu wogwira ntchito m'sitima zapanyanja. Kutacha anakalumbira m'tchalitchi kuti sadzalawanso mowa kwa zaka 21. Analimbikira, analemera ndi malonda a tirigu, mpaka anakhala meya wa Casterbridge, tauni yomwe Hardy anaijambula potengera Dorchester.

Henchard ndi munthu amene umamukwiyira tsamba lino, tsamba linalo n'kumulirira. Akakonda munthu amakonda ndi mtima wonse, akapsa mtima amagumula zonse zimene wamanga. Onani mmene anamukokera pafupi Donald Farfrae wa ku Scotland, kenako nsanje n'kumudya. Gawo limene sindidzaliiwala ndi pamene anapita mobisa kwa wolosera za nyengo, n'kugula tirigu wodzadza nkhokwe poyembekeza kuti mvula iononga zokolola. Dzuwa litawala anachita mantha, anagulitsa motaya, mvula ija n'kubwera pambuyo. Aliyense amene anaonapo venda atasunga chimanga kudikira mtengo amva msanga kupweteka kwake. Pakatikati nkhani imachulutsa zongochitika mwangozi, makalata ogwera m'manja olakwika ndi omvetsera kuseri kwa chitseko, koma sizinandiletse kupitiriza.

Ndakatulozo ndiye zinandifika pamtima kuposa nkhani. Nkhani yake ina yopeka, Jude the Obscure, itanyozedwa mu 1895, Hardy analeka kulemba mabuku atsopano a nkhani zazitali, ndipo buku lake loyamba la ndakatulo, Wessex Poems, linatuluka mu 1898 ali ndi zaka 58. Zabwino koposa ndi zimene analemba mkazi wake Emma atamwalira mu November 1912. Awiriwa anakhala zaka zambiri m'nyumba imodzi mitima itatalikirana. Maliro atatha, bamboyu, atapitirira zaka 70, anauyamba ulendo wa ku Cornwall kumene anakumana koyamba mu 1870, Hardy atapita kukaona za kukonzanso tchalitchi cha St Juliot. Mu ndakatulo ya The Voice akumva ngati mayiyo akumuitana, n'kumadzifunsa ngati si mphepo chabe. Mu At Castle Boterel akucheuka pamsewu wamvula n'kuona Emma ali mtsikana, zaka zoposa 40 zapitazo. Sadziyeretsa, sanamizira kuti banja linali lokoma. Chisoni chake n'chosakanikirana ndi kudziimba mlandu, ndipo n'chifukwa chake ndinamukhulupirira.

Muziwerenga mokweza, pang'onopang'ono. Mawu ena ndi okhakhala, ena anachita kuwapanga yekha, koma khutu limagwira kamvekedwe kake msanga kuposa diso.

Kwa ophunzira za zolembalemba ndi aphunzitsi a Chingerezi, mabuku awiriwa ndi ndalama yosataya. Yambani ndi nkhani, ndakatulo pambuyo. Musanalipire, tsegulani tsamba la zam'katimu muone ngati ndakatulo za 1912 ndi 1913 zilimo zambiri, poti mabuku a ndakatulo zosankhidwa amasiyana zimene aikamo.