Sweet Home 3D: yesani mipando pa pulani musanawononge matabwa

Kabati ya zovala yatha kukhomedwa, mwailowetsa kuchipinda, ndiye chitseko chayamba kuigunda. Vuto lotereli limapeweka chipinda chikajambulidwa kaye, ndipo pa ntchitoyi Sweet Home 3D ndi pulogalamu yodalirika. Anailemba Emmanuel Puybaret wa ku France, ndi yaulere, imayenda pa Windows, macOS ndi Linux, ndipo mukaiika pa kompyuta sifunanso intaneti.

Yambani ndi tepi. Yezani khoma lililonse mkati mwa chipinda m'masentimita, kenako yezani mopingasa kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikasiyana, ndiye kuti chipindacho ndi chopendekeka. Lembaninso pamene pali zenera, kutalika kwake kuchoka pansi, masoketi, ndi mbali imene chitseko chimatsegukira.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukasankha Create walls n'kulemba utali, pulogalamuyi imayeza mzere wapakati pa khoma, osati mkati mwa chipinda. Ndiye ngati chipinda ndi cha masentimita 400 ndipo makoma ndi a njerwa ziwiri, okhuthala pafupifupi masentimita 23, mukalemba 400 chipinda chituluka cha 377. Muyenera kulemba 423. Komanso khoma limene imayamba nalo ndi lopyapyala kwambiri poyerekeza ndi la njerwa, choncho sinthani makulidwe ake mu Preferences musanajambule kalikonse. Njira yachidule ndi iyi: jambulani pansi pa chipinda ndi Create rooms potsata miyezo ya mkati, kenako sankhani Create walls n'kudina kawiri mkati mwake, makoma adzizungulira okha.

Zitseko ndi mazenera mumangokoka n'kuika pa khoma, zimadziboolera malo zokha, ndipo chitseko chimasonyeza kumene chimazungulira potseguka. Chilichonse chimene mwasuntha chimaoneka nthawi yomweyo pa chithunzi cha 3D chili m'munsi. Izi n'zokoma zedi.

Mipando yobwera ndi pulogalamu yaulereyi ndi yochepa ndipo maonekedwe ake ndi achikale. Musadandaule nazo, chofunika ndi miyezo. Dinani kawiri pa bedi n'kulemba m'lifupi ndi m'litali mwa bedi lanu lenileni, ndipo siyani masentimita osachepera 60 m'mbali mwake kuti munthu adutse, ndi 90 kutsogolo kwa kabati ya zitseko zotsegukira kunja. Zithunzi zooneka ngati zenizeni za Create photo zimachedwa kwambiri pa laputopu yofooka. Sankhani mlingo wotsika wa ubwino wa chithunzi.

Pulaniyo mutha kuitulutsa ngati PDF n'kutumizira akalipentala pa WhatsApp. Koma siwerengera mphamvu ya maziko kapena denga, ndipo pulani yokapereka ku khonsolo ikufunikabe katswiri wojambula nyumba.