Air fryer ya malita 4: ma onion rings anatheka pa ulendo wachitatu

Air fryer, makina amagetsi ophika chakudya ndi mphepo yotentha, ndakhala nayo miyezi inayi tsopano nde ndati ndilembe, chifukwa anzanga kuntchito sakundipumitsa ndi mafunso oti kodi chinthuchi chimagwiradi ntchito kapena nchongokongoletsera kukhitchini. Yanga ndi ya malita 4, basiketi imodzi yokoka ngati dirowa, kutsogolo kuli mabatani awiri opotokola, lina la moto lina la nthawi, ilibe zasikirini zoginyaginya zija. Pansi pake analemba 1500W ndipo moto wake umathera pa madigiri 200. Ndinagula kwa mayi wina amene amakaoda katundu ku Joni. Si ya Philips, omwe anayambitsa makinawa mu 2010, ndi ya kampani ina ndipo dzina sinditchula poti pali zingapo zoti ndidandaule.

Chimene chinandipangitsa kugula ndi mzime wanga wa zaka 7. Tinapita kukadya mtauni tsiku lake lobadwa nde pambali pa baga anaika ma onion rings, mphete za anyezi zokazinga zokutidwa ndi chikhungwa, anayi okha, iye kuyambira tsiku limenelo nyimbo inali imodzimodzi, "Amayi, mudzatipangire anyezi wa zibangili uja." Pakhomo pathu mpaka lero timangoti zibangili. Vuto linali mafuta. Kuti uzikazinge bwino mu poto pamafunika mafuta oti zimire, pafupifupi theka la lita, ndipo ukatha mafutawo amanunkha anyezi moti mandasi sungakazingirenso. Ndi mmene mafuta akwerera mtengomu ine zimenezo ayi.

Tsiku lofika ndinayamba kulimbana ndi pulagi. Inabwera ndi ya ku South Africa ya mano atatu obulungira akuluakulu aja, pamene masoketi athu kuno ndi a mano a makona. Wogulitsa sanandiuze. Ndinathamanga kukagula adaputa yotchipa pa okala, nditayatsa mphindi khumi zokha adaputa ija inatentha moti kuigwira sikumatheka, fungo la pulasitiki nyumba yonse. Mawa lake ndinaitana wamagetsi anadula pulagi ija nkuika yathu ya fyuzi ya 13 amp, kuyambira pamenepo palibe vuto. Ngati mukugula yochokera ku Joni chitani zimenezi musanayatse nkomwe, ndipo muzilumikiza pakhoma penipeni osati pa ekistenshoni yomwe pali kale firiji ndi ketulo. Chingwe chakenso nchachifupi zomvetsa chisoni, ndinachita kusuntha shelefu.

Ulendo woyamba ndinapanga mmene ndimadziwira. Ndinakandira fulawa, dzira ndi mkaka, phala lamadzimadzi ngati la zikondamoyo, nkuviika anyezi nkuponya mu basiketi. Abale inu. Phala lonse linayenderera nkudontha m'mabowo a basiketi, linakapserera pansi, utsi tolotolo kukhitchini, anyezi anatuluka ali mbulanda atafota ngati wa mu ndiwo za dzulo. Ndinakhala ola lathunthu ndikunyika basiketi m'madzi a sopo. Bambo akunyumba anangosuzumira pakhomo nkunena kuti "Mayi, ndalama zija ndi zimene zikufukazi?" kkkk sindinawayankhe.

Apa mpamene ndinamvetsa kuti dzina lake limanamiza. Chinthuchi sichikazinga ngati chiwaya. Mukachotsa basiketi nkusuzumira kumwamba muona koyilo yonga ya hotipuleti ndi fani pamwamba pake, basi, ntchito yake nkuuzira mphepo yotentha mozungulira chakudya. Ndi kauvuni kakang'ono ka mphepo yamphamvu. Pa chiwaya mafuta owira amagwira phala nthawi yomweyo likangogweramo nde limauma lisanathawe, koma mphepo singagwire chinthu chamadzi, chimayamba chadontha kaye. Kabuku kamene kanabwera mu katoni sikanena chilichonse za izi, kali ndi kandandanda ka tchipisi cha mu firiji, nkhuku, nsomba ndi keke, kwatha.

Ulendo wachiwiri ndinasiya phala nkugwiritsa nyenyeswa za buledi, koma ndinakhulupirira bodza lija loti mu air fryer simufunika mafuta olo dontho, komanso ndinadzadza basiketi mpaka pakamwa kuti ndithane nazo kamodzi. Zapamwamba zinatuluka zotuwa mbuu ngati zawazidwa ufa, zapakati zonyowa zitamatirirana, ndipo ukaluma anyezi yense amasololoka nkusiya chikhungwa m'manja ngati njoka yafundula. Ana anadya poti ndi ana, koma wamkulu anandiuza mosabisa kuti "Amayi, zamtauni zija sizinali chonchi."

Nde nayi njira imene inatheka, ndipo ndabwereza kambirimbiri osalephera.

Anyezi akhale wamkulu, wonga chibakera. Timaanyezi tating'ono ta pamulu ta pamsika tija timatulutsa timphete tosakwana ndi chala chomwe, ntchito yake nkukutopetsani. Ine ndimatuma achimwene akamachokera ku Blantyre kuti andigulire pa Lizulu, amasankha akuluakulu ouma bwino makoko. Woyera amatsekemera akapsa, wofiira amathekanso koma ukali wake umatsalako. Dulani mopingasa, kunenepa kwake ngati chala chankombaphala, pafupifupi sentimita imodzi. Mukapyapyalitsa amapserera chikhungwa chisanafiire. Lekanitsani mphetezo, timitima tapakati sungani tikalowe mu ndiwo.

Tsopano chinsinsi chimene chinandivuta kuchitulukira. Mkati mwa mphete iliyonse muli kakhungu kopyapyala koonekera ngati pulasitiki, koterera. Kameneko nkamene kamapangitsa kuti anyezi azisololoka. Mukanyika mphetezo m'madzi ozizira mphindi 20 kamayamba kusupuka kokha, mumangokatsina ndi chikhadabo nkukoka. Ndi ntchito yotopetsa, sindinama, ine ndimaichita nditakhala pampando wailesi ikulira, koma kusiyana kwake nkwakukulu. Madziwo amachotsanso ukali wolilitsa uja. Mukatha pukutani ndi kansalu koyera ziume, zikakhala zonyowa fulawa amasanduka phala nde mwabwerera ku ulendo woyamba.

Mbale zikhale zitatu. Yoyamba fulawa theka la kapu, mchere, paprika ndi tsabola wakuda pang'ono. Yachiwiri mazira awiri omenya ndi masupuni awiri a chambiko, chambikocho chimathandiza kuti dzira likhale lolimbirako ligwire bwino. Yachitatu nyenyeswa. M'mashopu akuluakulu mumapezeka panko, nyenyeswa za chi Japan zokhakhala zija, nzabwino zedi koma mtengo wake unandibweza. Ine ndimatenga buledi wogona masiku awiri, ndimaumika masilayisi mu air fryer momwemo pa 150 mpaka aume gwa, kenako ndimasinja mu kamtondo ka tsabola koma osalalitsa, zikhale zokhakhala ngati mitama ya mphale. Mukasinja mpaka kukhala ufa sizilira mkamwa. Ndimaonjezeramo supuni imodzi ya mgaiwa, zimenezi ndinangoyesera tsiku lina buledi atachepa nde zinakoma, pano sindisiya.

Mafuta musathire pa anyezi, thirani mu nyenyeswazo. Masupuni awiri akulu pa makapu awiri a nyenyeswa, nkufikisa ndi manja mpaka zonse zioneke zonyowerera ngati mchenga wa kunyanja. Apa mpamene pamachokera mtundu wofiirira uja. Popanda mafuta zimangouma osafiira, nchifukwa chake zachiwiri zija zinatuwa.

Poviika dzanja limodzi likhale la zouma lina la dzira, apo ayi zala zanu ndi zimene zivale chikhungwa kuposa anyezi. Fulawa, kukutumula, dzira, kenako nyenyeswa nkusindikiza ndi chikhatho mkati ndi kunja komwe. Ndikayala pa thireyi ndimaika mu firiji mphindi 10 kuti zigwirane. Makina ndimayatsiratu opanda kanthu mphindi zitatu pa 190, kenako ndimayala mphete mzere umodzi, osasanjikiza, zing'onozing'ono ndimalowetsa mkati mwa zazikulu bola zisakhudzane. Mphindi 5, kutembenuza ndi kamphanda ka pulasitiki kapena timitengo, mphindi zina 4. Musachite zokhutchumula basiketi ngati tchipisi, chikhungwa chimayoyoka. Gulu lachiwiri limapsa msanga poti makina amakhala atatentha kale nde chotsaniko mphindi imodzi.

Tsiku limenelo nditaluma yoyamba inalira kuti khrrr mpaka mzime anamva ali pabalaza nkubwera chothamanga. Kunja kofiirira, mkati anyezi wofewa wotsekemera, ndipo anaduka pamene ndinaluma osasololoka. Tinadyera mayonezi wosakaniza ndi tomato sosi ndi kambuzi mmodzi wosinja.

Koma ndinene chilungamo, sizifanana ndendende ndi zokazinga m'mafuta. Za mu air fryer nzoumirapo, zopepuka, sizisiya mafuta pamilomo kapena pa pepala, ena angakonde zimenezo ena ayi. Bambo akunyumba amati zamtauni zimakoma kuposa chifukwa cha mafuta omwewo, chonsecho mbale yawo ndi imene imayamba kutha. Komanso sizidikira munthu, pakatha mphindi 15 zimayamba kufewa makamaka mukaziunjika m'mbale nkuvindikira. Zikafewa mumangozibwezamo mphindi ziwiri pa 180 zimadzukanso, apa pokha makinawa amaposa poto kutalitali.

Dandaulo langa lalikulu ndi kuchepa kwa basiketi. Malita 4 amamveka ngati ambiri pa katoni koma chofunika ndi kukula kwa pansi, ndipo pansi pa yangayi pamakwana mphete 7 kapena 8 basi. Anyezi awiri akuluakulu ndi maulendo anayi, mphindi 40 uli chiimire, ndipo pakhomo pa anthu asanu gulu lililonse limatha lisanafike patebulo, wophika amatsala ndi nyenyeswa. Ndikanadziwa ndikanasunga ndalama mwezi wina nkugula yaikulu ya pansi potakata. Kwa munthu mmodzi kapena awiri, kaya mbeta kaya wapasukulu, iyi ndi yokwana.

Za magetsi anthu amaopa kwambiri koma werengani nokha. Chinthu cha 1500W chikayaka ola lathunthu chimadya yuniti imodzi ndi theka, nde mphindi 40 zija ndi yuniti imodzi, mwinanso osakwana chifukwa koyilo imazima nkumayaka yokha moto ukafika, mumamva kuti thi kalaiti nkuzima. Ndinayang'ana pa mita ndisanayambe ndi nditamaliza, sizinandiopse. Uvuni wa kuka yaikulu umadya kuposa pamenepo ndipo umachedwa kutentha. Chimene chimapweteka ndi kuzima kwa magetsi. Loweruka lina anazima gulu lachiwiri lili pa mphindi zitatu, ndinadikira poganiza kuti abwera, mphete zinangotuluka thukuta mmenemo nkufewa, mapeto ake ndinakoleza mbaula nkumalizira mu poto ndi mafuta omwe ndinkathawa aja. Ka inveta kathu ka ma laiti ndi TV sikangainyamule, musayese nkomwe.

Zina zing'onozing'ono. Sabata yoyamba imanunkha pulasitiki, ndinaiyatsa yopanda kanthu kawiri mawindo ali otsegula nde fungo linatha. Batani la nthawi ndi la sipuling'i, pakati pa 5 ndi 10 umangoganizira, ine ndimatchera nthawi pa foni. Phokoso la fani lilipo ndithu, ukamaimba foni kukhitchini umachita kutuluka. Kumbuyo imatulutsa mphepo yotentha kwambiri, ndinaigunditsa kukhoma masiku oyamba penti mpaka inasintha mtundu, siyani mpata wokwana chikhatho chotambasula. Ndipo utoto wakuda wosamatirira wa mu basiketi suchedwa kukalika. Mdzukulu wa achemwali anabwera kutchuthi, pofuna kundithandiza anaikwecha ndi sitiliwulu ngati poto wa nsima, pano pakona imodzi pakuoneka chitsulo ndipo zinthu zimamatirira pamenepo. Limenelo si vuto la kampani kwenikweni, komabe utotowo ukuoneka kuti ngopyapyala. Siponji ndi madzi ofunda a sopo zimakwana, nyenyeswa zogwera pansi muzichotsa gulu lililonse zisanapserere nkuyamba kufuka.

Kupatula zibangili ndaphikamo mbatata yodula, mapiko a nkhuku ndi chambo chaching'ono, zonse bho, mapiko ndiye amatuluka bwino kuposa china chilichonse poti ali ndi mafuta awoawo. Mandasi musavutike, amatuluka ngati masikono olimba.

Apongozi anabwera mwezi watha kuchokera ku Ntcheu, anandipeza ndikusupula timakungu tija nde anandiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti "Kodi apongozi, anyezi yenseyu ndiwo zake zili kuti?" Nditawauza kuti anyeziyo ndiye chakudyacho anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati kwawo anyezi amalima wogulitsa ndi wothira mu ndiwo, izi nzamasewera a ana. Ndinawaikira zitatu pa sosala ndi tiyi. Patapita kanthawi ndinamva akuitana mzime chapansipansi kuti akaone ngati mu chimakina muja mwatsalako zina.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5. Imodzi ndachotsa chifukwa cha basiketi yaing'ono, pulagi ndi kabuku kosathandiza kaja.