Tsiku limodzi ku Crete: gombe la Elafonisi kapena chigwa cha Samaria?

Muli mumzinda wa Chania, pachilumba cha Crete m'dziko la Greece, ndipo kwatsala tsiku limodzi. Mupite kuti?

Elafonisi ndi gombe la kum'mwera chakumadzulo, makilomita pafupifupi 75 kuchokera mumzinda. Madzi ake ndi osaya, ana amasambira mtima uli m'malo, ndipo mutha kuwoloka wapansi kukafika pakachilumba kali patsogolo. Mchenga wake ndi wofiirira pang'ono chifukwa cha tizidutswa ta zigoba za m'nyanja, ndipo kuutapa n'koletsedwa. Chovuta ndi khamu la anthu. Mu Julayi ndi Ogasiti, dzuwa likafika paliwombo, poyala nsalu pamasowa.

Samaria imafuna mphamvu. Mumayambira ku Xyloskalo, pamwamba pa mamita oposa 1,200, n'kutsika makilomita 16 mpaka kumudzi wa Agia Roumeli, m'mphepete mwa nyanja. Njira ndi yamiyala yokhayokha, mawondo amalira, choncho nsapato zolimba n'zofunika. Pamalo otchedwa Portes, matanthwe aatali amayandikana mpaka mpata umangotsala mamita pafupifupi 4. Chigwachi chinakhala malo otetezedwa mu 1962, ndipo mwayi ukakhalapo mumaona mbuzi zakutchire zotchedwa kri-kri. Ku Agia Roumeli sikufika msewu, mumachokako pa boti kupita ku Hora Sfakion kapena Sougia. Nthawi yoyenda m'chigwachi ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala.

Amene ali ndi ana kapena agogo apite ku Elafonisi, koma alawire. Ine ndingasankhe Samaria, chifukwa pothera ulendowo nyanja imakhala ikukudikirani, ndipo mumalowamo miyendo ikadali yotentha.