Khola la m'mwamba la mitengo kapena la njerwa: nkhuku za kumudzi zigone kuti?

Oweta nkhuku kuno ku Chipata, Katete, Chadiza mpaka ku Lundazi sagwirizana pa nkhani ya khola. Ena amati khola lenileni ndi lija la m'mwamba, loima pa miyendo 4 kapena 6, nkhuku nkumakwera pa kamakwerero dzuwa likamalowa. Ena amati zimenezo nzachikale, munthu wozindikira amaumba njerwa, namanga kanyumba ka pansi kotseka ndi loko. Zogoneka nkhuku m'khitchini kapena mumtengo wa mango tisatayepo nthawi, amene amachita zimenezo akudziwa okha kuti akungodyetsa avumbwe.

Ine ndili mbali ya la m'mwamba ngati nkhuku zanu nzakumudzi, zoyenda masana, ndipo sizipitirira 30. Chifukwa chachikulu ndi zitosi. Mukayala timitengo pansi pa khola nkusiya mipata ya masentimita ngati 2, zitosi zimagwera kunsi zokha, nkhuku sizigonapo kapena kujomphapo. Njoka za m'mimba ndi matenda aja otsegula m'mimba mwa magazi amayenda kudzera m'zitosi zomwezo, choncho mwadula njira yawo ya m'kholamo osagula mankhwala. M'mawa mwana amangosesa kunsi, manyowa ulendo wa kudimba.

La njerwa limafuna choyala pansi, utuchi kapena makoko a nshawa, chokhuthala masentimita ngati 10. Makoko kuno sitisowa, dziko la nshawa za Chalimbana lino, koma akanyowa amachita chuku, ndipo chuku chimalowa nkhuku m'chifuwa. Mu January ndi February, mvula ili pachimake, chinyontho chimakwera m'njerwa ndi m'dothi. Mukalowa m'mawa nkumva fungo lolasa m'maso, dziwani kuti nkhukuzo zapuma mpweya umenewo usiku wonse. Ndiye muzitembenuza choyalacho, muzichotsa ponyowa, muzithira chatsopano. Walira mvula walira matope: wofuna khola la njerwa avomerenso ntchito yake.

Komatu la njerwa lili ndi pamene limapambana, ndipo sipochepa. Wakuba amaganiza kawiri akaona khoma ndi loko, pomwe la mitengo amangozula kamtengo kamodzi, dzanja nkulowa. Amene muli pafupi ndi msewu kapena m'mbali mwa tauni, monga ku Kapata ndi ku Mchini m'Chipata, mfundo imeneyi yokha ikhoza kutha nkhani. China ndi anapiye. Mphepo ya mu June ndi July imalowera m'mipata ya kunsi ija, ndipo mwanapiye wa sabata imodzi sapirira. Sangathenso kukwera makwerero, akakwezedwa timiyendo timalowa m'mipata. Wosankha la m'mwamba akonzeretu chitatanga kapena kabokosi ka pansi pamalo otchingika, thadzi likaswa pa tsiku la 21 lisamukire mmenemo ndi ana ake mpaka atamera nthenga.

Mu October zinthu zimatembenuka. Khola la njerwa la timazenera tiwiri, denga la malata lotsika, limasunga kutentha mpaka pakati pa usiku, nkhuku zili kukamwa yasa, mapiko tambasu. La m'mwamba lofolera ndi udzu mphepo imangodutsa. Ngati mwatsimikiza za njerwa, khoma lifike m'chiuno basi, kuchokera apo ikani waya mpaka kudenga, ndipo mbali zazitali zisayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa.

Nkhuku za mitundu ya Sasso, Kuroiler ndi mabuloila a masabata 6 aja nzolemera thupi, kukwerakwera sizikonda, ndipo anthu amaziweta zambiri nthawi imodzi, 50 kapena 100. Zimenezi zipatseni la pansi, zikuluzikulu zisapitirire 4 pa sikweya mita iliyonse. Apa palibe mkangano.

Tsono amene amanyoza khola la mitengo kawirikawiri amaloza limene linagwa dzinja lachiwiri. Mukapita kukaliona, mupeza kuti miyendo inali ya bulugamu wamuwisi, wokumbiridwa ndi makungwa omwe. Chiswe sichinalakwe. Khola limodzi limafuna mitengo yosiyana pa malo osiyana, ndipo apa mpamene pali luso lonse.

Miyendo ndiyo imakumana ndi dothi. Mfumu ya mizati ndi muwanga, ndipo anzathu a kuchigwa ku Mambwe ali ndi tsanya, mtengo wolemera umene chiswe chimangoulambalala. Vuto lake, mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono ndipo ikusowa, ndiye wopeza nsanamira zakale za nkhokwe kapena za chigafa chosiyidwa asazisandutse nkhuni. Ambirife chimene tili nacho ndi bulugamu wa kuseri kwa nyumba. Ameneyu amatheka, koma mumusende tsiku lomwe mwamudula, aume pamthunzi, muwaule kunsi kwake pamoto mpaka kude, kenaka mupake oilo wakutha wa m'galimoto. Kuposa zonsezo, musamukwirire nkomwe: muimikeni pamwala wafulati kapena pa kachitsa ka simenti, chiswe chikamanga njira yake yadothi muziiona msanga nkuigumula. Khola likwere mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, kuti galu asafikire ndipo wosesa asathyoke msana. Pa mwendo uliwonse vekani chidutswa cha lata chopindidwa mozondoka, likongwe ndi makoswe amaterereka pamenepo. Linthumbu likabwera, phulusa la moto kuzungulira miyendo.

Oiloyo athere ku miyendo komweko. Potera nkhuku ndi m'zisa musapake.

Poyala pansi, nsungwi ndi timitengo towongoka ta bulugamu zimapikisana. Nsungwi nzopepuka, nzosalala, zitosi sizikanirira, ndipo kuzing'amba nkosavuta. Choipa chake zimafumbwa. Zodulidwa zitakhwima, m'chilimwe, nkuviikidwa m'madzi masabata angapo zimachedwa kufumbwa kusiyana ndi zanthete zodula m'dzinja. Timitengo ta bulugamu timapirira kulemera, koma tikauma timang'ambika pokhoma msomali. Akalipentala amabunthitsa nsonga ya msomali ndi hamala asanakhome, kapena kuboola kaye kabowo. Ine pansi ndimakonda nsungwi, bulugamu ndimasiyira mitanda ndi mapaso.

Pa zipupa, chitseko ndi mabokosi oikira mazira, malaina alibe mnzake. Thabwa lake nlopepuka, limamva sowo, limalandira msomali, ndipo likauma silipindika kwambiri. Limangochedwa kuuma, komanso pansi silikhalitsa, choncho likhale m'mwamba mokhamokha. Matabwa a bulugamu wocheka wamuwisi amapotoka, mukakhoma chitseko lero, pakatha mwezi mwatseguka mpata wolowa njoka. Aliwonse amene mwacheka, asanjeni pamthunzi, pakati pa thabwa ndi linzake muike timitengo kuti mphepo izidutsa, pamwamba mutsindike ndi miyala. Paini wa pamsika, wambiri wochokera ku Copperbelt, ngwokoma kugwira naye ntchito, koma ndi ndiwo ya chiswe ndipo amafuna ndalama yomwe mtengo wanuwanu sufuna. Mlombwa pa khola la nkhuku ayi ndithu, sungirani chitseko cha nyumba. Kumbukiraninso kuti lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo kwa wocheka ndi kunyamula matabwa a mitengo yachilengedwe, ndiye musanaitane ocheka, fikani kaye ku ofesi ya za nkhalango ya m'boma lanu. Zotsala za ocheka, zija za mbali imodzi yozungulira, zimakwana bwino pa zipupa bola muzisende.

Nkhani ya kusenda ndaibwereza dala. Nkhufi ndi nthata zimabisala kunsi kwa makungwa ndi m'ming'alu masana, usiku nkumayamwa nkhuku magazi. Thadzi lofungatira limatha kuthawa mazira chifukwa cha tizirombo timeneti. Makola onse awiri amagwidwa, koma kuchiza kwake nkosiyana. La mitengo mumazula poterapo ndi zisa, kuziwaula pa lawi la udzu, nkubwezera. La njerwa zosapaka pulasitala lili ndi mabowo osawerengeka, mungathire mankhwala kangapo zikubwerabe. Womanga la njerwa asaumire matope kapena simenti yomatira mkati, ndipo apake laimu. Pansi pake popanda simenti makoswe amafukula, nkumadya gaga ndi anapiye omwe.

Miyezo ya mkati njofanana konse: nkhuku iliyonse ipeze masentimita 20 mpaka 25 pa kamtengo kogonapo, bokosi loikira likhale la masentimita 30 mbali zonse, limodzi pa matadzi 4 kapena 5, ndipo likhale pamdima.

Pa ndalama, la njerwa limadya malata, simenti, waya, loko ndi mmisiri, kuwonjezapo nkhuni zootchera njerwazo. La m'mwamba, ngati mitengo ndi yanu, mumagula misomali ndi mahinjesi basi. Bulugamu amapereka mapolo pakatha zaka 4 kapena 5, ndipo mukamudula amaphukanso pachitsa, kungoti musamubzale pafupi ndi chitsime kapena dimba, amamwa madzi kwambiri. Malaina ofika pocheka matabwa amafuna zaka 10 kapena kuposa. Mpanda wozungulira bwalo la nkhuku, wothandiza nthawi imene chimanga changomera ndipo aneba ayamba kudandaula, dzikani zikhomo za gilisidiya, mtengo uja unafufuzidwa kwambiri ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera ku Chipata ndipo a bungwe la COMACO akhala akulimbikitsa alimi kubzala. Chikhomo chachiwisi chikadzikidwa mvula itayamba chimagwira mizu, mzati nkukhala wamoyo.

Chitopa chokha sichiyang'ana kuti khola nla chiyani. Chimakonda kusesa midzi nyengo yotentha, kuyambira cha mu September, ndipo chotchinga chake ndi katemera, monga wa I-2 wodonthetsa m'diso miyezi 4 iliyonse. Alangizi a ziweto a m'dera lanu ndiwo angakuuzeni kopezeka. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa kuchikwati igone payokha masabata 2 isanasakanizidwe ndi zinzake. Mliri ukadutsa, wa khola la njerwa akokolole choyala chonse nkutentha, atsuke, apake laimu, khola likhale lopanda kanthu masabata angapo. Wa la m'mwamba atenthe nsungwi zoyala ndi udzu wa padenga, miyendo ndi mitanda aisamutsire pamalo ena pabwalo pomwepo, ayale zatsopano.