Kashopu ka ku Chikanda komwe anatikonzera pulojekiti yokana kukompaila

Ndati ndilembe za kashopu kena ka ku Chikanda chifukwa ambiri amene tikuphunzira za kompyuta pa Chanco tikulira ndi vuto la pulojekiti yokana kukompaila, kutanthauza kuti code ikukana kusanduka pulogalamu yoti iyende. Ndi kachipinda kamodzi, kutsogolo amapanga print ndi photocopy, kumbuyo kuli benchi limodzi ndi tebulo lodzaza ma charger, ndiye mwini wake ndi mnyamata wofatsa, salankhula zambiri.

Ife tinali atatu pa pulojekiti ya C++ (chilankhulo cholembera mapulogalamu) yogwiritsa ntchito SQLite, laibulale yosungira data. Ine ndili ndi Windows, mnzanga ali ndi Ubuntu, mtsikana wa m'gulu lathu ali ndi MacBook yomwe anamutumizira achemwali ake a ku Johannesburg. Aliyense analemba mbali yake, koma titaphatikiza code yonse inakana paliponse, ndipo laputopu iliyonse imatulutsa error yakeyake. Sabata yathunthu tikulozana zala, wina akuti vuto ndi Windows yako, wina akuti iweyo ndiwe waononga. Malo ena mtauni anangondiuza kuti tifomate laputopu, ndinangonyamula chikwama kumapita.

Mnyamata wa ku Chikandayu sanagwire kanthu kaye. Anati "achimwene, tapitani pamwamba, ndione error yoyamba, zam'munsizo ndi ana ake." Apa ndi pamene ndinayamba kumukhulupirira, chifukwa ine masiku onsewo ndimawerenga mzere womaliza. Pa yangayo panali undefined reference to sqlite3_open, kutanthauza kuti mbali ya SQLite yomwe code yanga ikuitana sikupezeka, ndipo zolakwika zinali ziwiri. Ndinadaunilodi DLL (fayilo ya laibulale pa Windows) ya 32-bit pomwe compiler yanga, pulogalamu yokompaila code, ndi ya 64-bit, komanso -lsqlite3, yomwe imauza compiler kuti iphatikize laibulale ya SQLite, ndinailemba pa command kutsogolo kwa mafayilo anga, iye nkundionetsa kuti linker, mbali yolumikiza mafayilo ndi ma laibulale mu compiler ya GCC, imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja ndiye laibulale iziyikidwa kumapeto, pambuyo pa mafayilo amene akuifuna. Anachotsa MinGW (GCC ya pa Windows) yakale yomwe ndinatenga pa flashi ya mnzanga tili first year, nkuika MSYS2, pulogalamu yobweretsa zida zokompailira pa Windows, nkutsegula terminal yake ya UCRT64, kenako gcc ndi sqlite3 zonse anazitenga ndi pacman, command yake yoikira ma package, kuti zikhale za mtundu umodzi.

Ya Ubuntu ndi imene inandiwawa mtima chifukwa wolakwa ndinali ine ndithu. Mu code ndinalemba Database.h ndi D wamkulu pomwe fayilo yake ndi database.h, Windows sisamala zimenezo koma Linux imaona ngati ndi mafayilo awiri osiyana. Ka script kathu ka build nakonso ndinakalembera pa Windows ndiye mizere yake imathera ndi CRLF, zizindikiro zomwe Windows imaika kumapeto kwa mzere, Ubuntu nkumangoti bad interpreter ndi ka ^M kumapeto. Anakadutsitsa mu dos2unix, kapulogalamu kosintha mathero a mizere kukhala a Linux, basi kanayenda. Komanso mnzangayo analibe libsqlite3-dev, ankaganiza kuti poti sqlite3 ikutseguka pa terminal ndiye kuti zonse zilipo, osadziwa kuti fayilo ya sqlite3.h imabwera ndi package ya dev ija.

MacBook sinatenge ndi mphindi khumi zomwe. Anamuuza mtsikana uja kuti "asisi, lembani g++ --version", ndiye panatuluka Apple clang, kutanthauza kuti pa Mac dzina ndi g++ koma mkati ndi compiler ina yotchedwa Clang, ndipo bits/stdc++.h, fayilo yolowetsa zida zonse za C++ ndi mzere umodzi yomwe tonse timaikonda ija, kumeneko kulibe, ndi ya GCC. Anatikhazika pansi tokha kuti tichotse mzerewo nkulemba iostream, vector ndi string payokhapayokha.

Chimene ndikumuyamikira kwambiri ndi chakuti sanangosiya kuti zayenda lero basi. Anati mawa mukapita nayo ku labu kapena a lecturer akaitsegula pa makina awo ikakananso, ndiye anatipangitsa kudaunilodi amalgamation ya SQLite, yomwe ndi sqlite3.c ndi sqlite3.h, nkuziika mu foda ya pulojekiti momwemo, kenako tinalemba limodzi CMakeLists.txt yaifupi, fayilo youza pulogalamu ya cmake kuti izikompaila C ndi C++ pamodzi. Tsopano tonse atatu timalemba ma command awiri omwewo a cmake ndipo imatuluka bwinobwino. Sanatibisire kalikonse, nthawi zambiri kiyibodi amatisiyira ife, iye ali chiimire kumbuyo akungoloza ndi cholembera, moti sabata yatha mnzathu wina wa ku Matawale atakumana ndi undefined reference ndinamukonzera ndekha.

Zosakoma ziliponso, ndisaname. Nthawi sasunga, tinagwirizana 9 koloko m'mawa iye nkufika cha m'ma 11, ndipo pakati pa ntchito amadzukadzuka kukathandiza a photocopy. Intaneti alibe, mumagwiritsa ntchito bandulo yanu, ndipo ma package a MSYS2 amadya data ndithu ndiye mugule yokwanira musanapite. Magetsi akazima alibe chothandizira, tsiku limenelo anazima masana tinamalizira pa batire ya laputopu, mtima uli m'mwamba. Mtengo sanena pasadakhale, amayamba waona vuto, koma zomwe anatitchaja titagawana atatu sizinatipweteke ndipo tinalipira pa Mpamba.

Mukamapita mutenge laputopu zonse za gulu, osati screenshot ya pa WhatsApp, chifukwa amafuna error yonse kuyambira pamwamba. Loweruka m'mawa ndi pamene pamakhala popanda chigulu cha anthu a print.